Jakisoni wa dzana, kapisozi wa lero

Amene mudagonako kuno ku Mzuzu mwezi wa June mukudziwa kuti chisanu chake sichiseka ndi munthu. Kwathu ku Geisha nkhungu imatsika dzuwa lisanalowe n'komwe, ndipo ukamadutsa m'tinjira ta pakati pa nyumba madzulo, chomwe umamva ndi ana kutsokomola, khomo ili chifuwa, khomo ilo chifuwa. Usiku wina wa June chaka chatha, wotsokomolayo adali mdzukulu wanga wamkazi wa zaka ziwiri ndi theka. Thupi lidatentha, mamina ali chuchuchu.

Mayi ake, mpongozi wanga, adafunda chitenje n'kuyamba kufunafuna masilipasi. "Adada, ndingothamangira pa okala asanatseke. Ndikagule Bactrim awiri, m'mawa adzuka ali bwino."

Ndidawaletsa. Sadandibwezere mawu poti ndi munthu woleredwa bwino, koma nkhope yawo idanena zonse: kodi madalawa akufuna mwana afe? Kunena zoona, nanenso ndidadzidabwa. Ine amene mng'ono wanga adafa chifukwa chosowa mankhwala a mtundu womwewu, lero ndaima pakhomo kutsekereza kuti asagulidwe? Tsono ndati ndilembe kuti ndilongosole, chifukwa mbiri ya mankhwala amenewa m'dziko muno ndi yaifupi zedi. Yonse yakwana m'moyo wa munthu mmodzi, ndipo ine ndaiona ndi maso angawa.

Ndidabadwa mu 1955 m'mudzi wina m'boma la Kasungu. Mu 1963 chikuku chidalowa m'mudzimo, ndipo chidagwira mng'ono wanga wa zaka ziwiri. Mwana wa chikuku masiku amenewo sankamutulutsa panja, ankangomufunditsa m'nyumba kudikira kuti zituluke. Zidatulukadi, tonse n'kuyesa kuti wapulumuka. Patangotha masiku angapo adayamba kupuma mwabefu, pansi pa nthiti pakulowa m'kati ngati wina akumukoka ndi chingwe. Agogo adati n'chibayo, adamutema mphini m'nthiti n'kupaka mankhwala akuda. Zitakanika ndi pamene atate adamanga ng'ombe pangolo. Kuchipatala udali ulendo wa tsiku lathunthu. Ngoloyo idabwerera panjira, amayi akulira.

Maliro otere sadali achilendo. Zaka za m'ma 1960, pa ana atatu alionse obadwa m'dziko muno, mmodzi sankafika zaka 5. Makolo athu sankawerenga ana kufikira chikuku chitadutsa.

Chowawa n'chakuti mankhwala amene akadamuchiza adalipo kale padziko lapansi. Mu 1928, pachipatala cha St Mary's ku London, Alexander Fleming adaona kuti chuku chomwe chidamera m'kambale kake koyeseramo chidapha tizilombo ta bakiteriya tomwe tidali pafupi nacho. Mankhwala ochokera m'chukumo adawatcha penisilini. Adali Howard Florey ndi Ernst Chain a ku Oxford amene adapeza njira yowasandutsira mankhwala opatsa munthu. Mu 1941 adayesa pa wapolisi wina yemwe adali kayakaya. Munthuyo adayamba kupeza bwino, koma penisilini adatha asanachire, ndipo adamwalira. Mukuona, ngakhale kwa Azungu komweko nkhaniyi idayamba ndi imfa ya kuperewera.

Mu 1945 akuluakulu atatuwa adalandira mphotho ya Nobel. Polankhula pa nthawiyo ku Stockholm, Fleming adachenjeza kuti idzafika nthawi imene aliyense azidzagula penisilini m'sitolo, ndipo munthu wosadziwa azidzamwa wochepa, wosakwana kupha tizilombo koma wokwana kutiphunzitsa kupirira. Mkuluyu sadafikeko ku Geisha, komatu okala wathu adamuona ali kutali.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, penisilini adayamba kufika m'zipatala za mishoni ndi za boma la atsamunda kuno ku Nyasaland. Ankabwera ngati jakisoni, ndipo zimene ankachita zinkaoneka ngati matsenga. Chilonda chonyeka cha zaka n'kuuma, munthu wachibayo n'kudzuka kupempha phala. Apa ndi pamene Mmalawi adakhulupirira singano. Ndikukumbuka anthu akubwera kuchipatala nkhope zili gwa, ati adokotala ake ndi achibwana, angotipatsa mapilitsi osatibaya. Kudabukanso anthu oyenda ndi kachikwama m'midzi, obaya jakisoni pamtengo wa nkhuku, singano imodzi mudzi wonse. Chikhulupiriro chimenecho, chakuti kuchipatala suchoka chimanjamanja, tidakali nacho mpaka lero.

Ine ndidafika ku Mzuzu mu 1984 kudzagwira ntchito ya ukalaliki. Kadali katauni kakang'ono, komwe kadayamba zaka za m'ma 1940 ndi esiteti ya mitengo ya tung, ndipo kadalandira ulemu wa mzinda mu 1985. Chipatala chomwe tinkadalira chidali cha St John's, chimene masisitere a Medical Missionaries of Mary adayamba kugwirapo ntchito mu 1962. China chidali cha mishoni ya Livingstonia ku Ekwendeni.

Mu 1987 mwana wanga wachisamba, atatsala pang'ono kukwanitsa chaka, adayamba kupuma monga momwe adapumira mng'ono wanga uja. Anzanga akuno adati n'chilaso, ndiye chibayo m'Chitumbuka. Miyendo idandizizira. Tidathamanga naye ku St John's usiku womwewo, ndipo adamugoneka n'kuyamba kumubaya penisilini maola 6 alionse, usana ndi usiku. Tsiku lachitatu adafuna bere. Mwana ameneyo ndiye bambo wa mdzukulu ndikunenayu. Choncho pasapezeke wina wonena kuti ndimadana ndi maantibayotiki. Banja langa lilipo chifukwa cha iwo.

Komabe ana ankafa ambiri. Katemera wa ana m'dziko lonse, kuphatikizapo wa chikuku, adakhazikitsidwa mu 1979, koma kalembera wa zaumoyo wa mu 1992 adapeza kuti pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo, 234 ankafa asanakwane zaka 5. Malungo, kutsegula m'mimba, chibayo ndi kunyentchera ndizo zinkatsogolera.

Zaka za m'ma 1990 zidasintha zinthu ziwiri. Choyamba ndi malonda. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, aliyense adatsegula kabizinesi, ndipo mankhwala amene kale unkawaona m'manja mwa anamwino okha adayamba kuyalidwa pa saka pamsika, pafupi ndi tomato ndi mabatire. Lamulo la mankhwala la mu 1988 lidali loletsa kugulitsa maantibayotiki popanda kalata ya dokotala, koma lamulo lidatsalira m'buku. Makapisozi ofiira uku achikasu uku adasanduka mankhwala a chilichonse. Chifuwa, kapisozi. M'mimba, kapisozi. Bala, kutsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake. Ngakhale nkhuku za chitopa tinkazisungunulira m'madzi, pomwe chitopa n'chosamva mankhwala otere n'komwe.

Chachiwiri ndi Edzi. Ana obadwa ndi kachilomboka ankafa ndi chibayo mowirikiza. Mu 2004 zotsatira za kafukufuku wa pachipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka, wotsogozedwa ndi Pulofesa Chifumbe Chintu, zidaonetsa kuti ana a HIV akamamwa cotrimoxazole, yemwe ife timati Bactrim, tsiku ndi tsiku, imfa zawo zimatsika ndi 43 pa 100 alionse. Malawi idayamba kupereka Bactrim kwa anthu a HIV mu 2005, ndipo miyoyo yambiri idapulumuka. Icho n'chabwino, palibe angatsutse. Koma kuyambira pamenepo Bactrim adapezeka m'makomo ambiri, ndipo ife Amalawi timagawana. Wa nyumba yoyandikana akabwera kuti mwana watentha thupi, ungamumane bwanji?

Pamene zimenezi zinkachitika kumsika, m'zipatala munkachitika china chomwe ambiri sitidachilabadire. Mu 1998 Malawi idalandira ndondomeko ya World Health Organization ndi UNICEF yotchedwa IMCI, yophunzitsa ogwira ntchito zachipatala kumuona mwana yense bwinobwino, osangomva dandaulo la mayi n'kulemba mankhwala. Pa nkhani ya chifuwa, chida chachikulu cha ndondomekoyi ndi wotchi basi. Mwana akhale phee, iwe uwerenge kuti wapuma kangati pa mphindi imodzi. Wosakwana miyezi iwiri akafika 60, wa miyezi iwiri mpaka chaka akafika 50, wa chaka mpaka zaka 5 akafika 40, ameneyo akupuma mofulumira ndipo chikhoza kukhala chibayo. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati, kapena mwana akakana kuyamwa ndi kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka kapena kufooka osadzuka, pamenepo palibe kudikira kuti kuche.

Mu 2000 kuno kudatsegulidwa Mzuzu Central Hospital, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Taiwan. Chaka chomwecho boma lidayamba ndondomeko yapadera ya matenda a m'mapapo a ana m'zipatala za m'maboma: njira imodzi yoyezera, mlingo umodzi wa mankhwala, ndi kaundula wa mwana aliyense. Mu 2001, pa ana 100 ogonekedwa ndi chibayo, 15 ankafa. Pofika mu 2012 adatsika osakwana 5. Mu 2008 alangizi a zaumoyo adayamba kutsegula timakiliniki ta m'midzi ya kutali, atanyamula kawotchi kowerengera mpweya ndi bokosi la mankhwala. Ankayamba ndi Bactrim, ndipo pambuyo pake adasintha n'kumapereka amokisilini.

Kenaka akatemera. Mu 2002 kudabwera katemera woteteza ku Hib, kachilombo koyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Pa 12 November 2011 kudabwera wa chibayo, wa tizilombo ta pneumococcus, ndipo mu October 2012 wa rotavirus, yemwe amatsegula ana m'mimba. Kalembera wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti imfa za ana zatsika kufika pa 63 pa 1,000 alionse, kuchoka pa 234 paja. Masikito a udzudzu, mankhwala a malungo a LA, Thanzi ORS ndi kuteteza khanda ku HIV zonse zidathandizapo. Taonani bwino mndandandawu, awerengi. Chomwe chidapulumutsa ana athu si kuchuluka kwa makapisozi. Ndi kudziwa mwana amene akufunikadi mankhwala, kumufikitsa msanga, ndi kuteteza ena kuti asadwale n'komwe. Katemera akangozembedwa timaona: mu 2010 chikuku chomwe chija chidabwereranso, chidagwira anthu oposa 134,000 n'kupha oposa 300.

Nanga makapisozi a pa saka aja adatichitira chiyani? Yankho lidachokera ku Blantyre. Pachipatala cha Queen Elizabeth, akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome adakhala akuyeza magazi a odwala otentha thupi kuyambira mu 1998, n'kumasunga zotsatira zake. Atawonkhetsa za mpaka mu 2016, adapeza kuti tizilombo toposa theka tomwe adatipeza m'magazi sitinkamva mankhwala onse atatu amene dziko lino linkayambira: penisilini kapena amokisilini, chloramphenicol ndi Bactrim. Zipatala zidathawira ku jakisoni wamphamvu wotchedwa ceftriaxone. Nayenso tizilombo tidamutsatira. Kachilombo ka Klebsiella, komwe kamapha makanda ongobadwa kumene, mu 2003 kankakana mankhwala a gulu limeneli ka 12 pa 100 alionse. Pofika mu 2016 kankakana ka 90. Tayifodi pachipatala chomwecho inkapezeka mwa anthu pafupifupi 14 pachaka, koma utalowa mtundu wake wosamva mankhwala, mu 2014 mokha adapezeka 782. N'chifukwa chake mu 2023 boma lidayamba kupereka katemera wa tayifodi kwa ana.

Wina anena kuti ku Blantyre n'kutali. Mabasi amanyamuka kumeneko madzulo alionse n'kufika kuno m'mawa, ndipo kachilombo sikadula tikiti. Padziko lonse, akatswiri adawerengera kuti mu 2019 mokha anthu 1.27 miliyoni adafa chifukwa cha tizilombo tosamva mankhwala, ndipo kuno ku Africa ndi komwe vutoli lidaluma kwambiri.

Mmene zimachitikira n'zosavuta kumva kwa aliyense amene adasungapo chimanga. Ukathira mankhwala ochepa m'thumba, anankafumbwe ofooka amafa, olimba n'kutsala. Otsalawo ndiwo amaswana, ndipo chaka chamawa thumba lonse ladzala zidzukulu za olimba. M'thupi mwa mwana, m'matumbo ndi kummero, mumakhala mabakiteriya miyandamiyanda ngakhale ali bwinobwino. Nthawi iliyonse akamwa antibayotiki, kaya akufunika kaya ayi, ofooka amafa, opirira n'kupeza malo. Opirirawo amapita kwa mng'ono wake, kwa mnzake wa kumkaka, kuchitsime. Tsono chimfine, zifuwa zambiri za m'nyengo yozizira ndi kutsegula m'mimba kwa madzimadzi zimayamba ndi mavairasi, ndipo antibayotiki vairasi samukhudza. Mwana amachira yekha pakatha sabata, ulemu n'kupita kwa Bactrim. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Mbiri yathu yomweyi ili ndi kachitonthozo. Mu 1993 Malawi idakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ngati mankhwala oyambira a malungo, poti adaleka kugwira, n'kutenga Fansidar. Patatha zaka 12, madokotala atamuyesanso pa ana ku Blantyre, chloroquine adachiza 99 pa 100 alionse. Mankhwala atapumitsidwa adabwerera mphamvu. Mabakiteriya saiwala msanga chonchi, koma phunziro lilipo: mphamvu ya mankhwala ndi chuma cha tonse, monga nkhalango ya Chikangawa. Aliyense akadulako pang'ono, ati mtengo umodzi sungachepetse nkhalango, mawa lake tonse tidzuka pali mbee.

Ndibwerere ku usiku uja. Ndidapempha mpongozi wanga kuti amuvule mwana juzi n'kumugoneka pamiyendo. Mwana wanga adayatsa foni kuti tione nthawi, ine n'kumawerenga. Ka 34 pa mphindi. Tidabwereza, ka 36. Nthiti zili bwinobwino, ndipo madzi adamwa. Tidamupatsa Panado wa ana n'kugona, ngakhale ine tulo sindidatione. M'mawa adapita naye kuchipatala. Adamuyeza malungo, osapezeka. Adokotala adati n'chimfine, azimwa zamadzi zambiri, azifunda, ndipo mukaona akupuma mofulumira mubwere nthawi yomweyo.

Mpongozi adabwerako atakwiya, ndipo ulendo uno adalankhula. "Adada, inu mumawerenga manyuzi, chabwino. Koma ine ndalipira kabaza kupita ndi kubwera, ndaima pamzere mpaka masana, geni yanga yagona, n'kubwerako ndi Panado yemwe ali pa okala pomwepa. Tsiku lina umafika, akuuza kuti mankhwala kulibe, kagule. Ndiye ndilakwa chiyani ndikayambira kogula?"

Ndidasowa choyankha, chifukwa sadaname. Mayi amene amagula makapisozi awiri sachita umbuli, amawerengera ndalama ndi nthawi, ndipo amaopa maliro monga momwe amayi anga ankaopera. Boma lidalemba ndondomeko yolimbana ndi vutoli mu 2017, ndipo mu 2019 lidakhazikitsa lamulo latsopano la mankhwala ndi bungwe loliyang'anira la PMRA. Koma bola mzere wa kuchipatala ukhale wautali kuposa njira ya pa okala, okala azipambana. Ndidangoti, "Amama, mwanena zoona. Koma awiriwo sachiza chibayo, ndipo chimfine sichiwafuna. Ndalama ya kabaza muzitenga kwa ine." Mwanayo adachira pa masiku 6.

Mwezi wa August chifuwa chidabweranso. Ulendo uno ndidadzidzimuka ndi kugogoda pachitseko pakati pa usiku. Adali mpongozi, foni ili m'manja. "Adada, ndawerenga kawiri. Ka 52. Ndipo taonani pansi pa nthitipa." Ndidaona chomwe ndidachiona mu 1963 ndi mu 1987. Mwana wanga adadzutsa mnyamata wa njinga yamoto, ndipo adapita. Chidali chibayo. Adawapatsa amokisilini wosungunula m'madzi, mlingo wolingana ndi msinkhu wa mwana, ndi masiku ake owerengeka. Masikuwo amanena ndi adokotala, osati thumba la ndalama kapena kutsika kwa kutentha thupi. Nawonso madokotala akuphunzirabe: kafukufuku wa ana 3,000 ku Lilongwe, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2020, adaonetsa kuti kwa ana opanda HIV odwala chibayo cha mtundu umenewu, masiku atatu a amokisilini amathandiza pafupifupi chimodzimodzi ndi masiku 5. Koma masiku atatu a mlingo wokwana si chimodzimodzi ndi mapilitsi awiri ogula pa okala.

Amokisilini adagwira. Tsiku lachitatu mdzukulu wanga adali panja kuthamangitsa nkhuku. Ndidakhala pakhonde kumuyang'ana, ndipo ndidaganiza za ana atatu a magazi anga amene chibayo chidawagwira. Woyamba mankhwala sadamufikire. Wachiwiri adamufikira ali ndi mphamvu zonse. Wachitatu amufikira akadali ndi mphamvu, koma anzake a mankhwalawo, Bactrim ndi chloramphenicol, pa matenda ambiri adatsala dzina lokha. Mdzukulu wangayu, Mulungu akalola, adzakhala ndi mwana wake cha m'ma 2050, ndipo chisanu cha June chidzakhala chilipobe ku Geisha. Mwanayo adzatsokomola usiku, mayi ake adzawerenga, mwina n'kupeza 52. Adzathamanga naye kuchipatala monga momwe tidathamangira ife. Chomwe adzapezeko chikudalira zimene inu ndi ine tigule pa okala madzulo ano.